Funsani Tiyankhe: Kodi N'zoona Kuti Mulibe Chosankha?

Makalata amene tatolera mwezi uno kuchokera m'boma la Mangochi akuzungulira pa nkhani imodzi ngakhale olembawo sadziwana: ufulu wa munthu umalekezera pati, mlandu wa moyo wake ndi wa yani, nanga chimwemwe chimachokera kuti. Awa ndi mafunso amene afilosofi a existentialism analimbana nawo kwa zaka zoposa 100. Makalatawo tawafupikitsa, ndipo mayina tawabisa.

FUNSO: Ndine mtsikana wophunzira pa koleji ina kuno ku Mangochi. M'kalasi ya filosofi tinauzidwa kuti munthu amayamba kukhalapo, ndipo chimene iye ali chimabwera pambuyo. Mawuwa ndawaloweza koma sindikuwamva. Existentialism n'chiyani kwenikweni?

YANKHO: Achemwali, bukulo litsekeni kaye, mupite kugombe komwe amasema mabwato. Mmisiri asanagwetse mtengo amakhala atadziwa kale chimene akufuna: bwato lotalika motani, lonyamula anthu angati, la ukonde kapena lowolotsera anthu. Ntchito ya bwatolo imayambira m'mutu mwa wosema, bwato lenilenilo n'kubwera pambuyo. Likatha kusemedwa nkhani yatha, silingadzuke tsiku lina n'kufuna kukhala mtondo.

Jean-Paul Sartre, Mfalansa amene anabadwa mu 1905 n'kumwalira mu 1980, anafotokoza zimenezi pa nkhani imene anakamba ku Paris pa 29 Okutobala 1945, kungoti iye anapereka chitsanzo cha mpeni wodulira mapepala. Anati za munthu zimayenda mosemphana ndi za mpeniwo. Munthu amangopezeka wabadwa, ali pano, ndipo chimene iye ali chimasemedwa pambuyo ndi zochita zake. Palibe anabadwa ali wamantha. Wamantha amadzisema yekha pothawa lero, mawa ndi mkuja, chikhalirecho tsiku lililonse mpata woti asathawe umakhalapo.

Existentialism si mpingo wa chikhulupiriro chimodzi. Søren Kierkegaard wa ku Denmark, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1813 mpaka 1855, anali Mkhristu wodzipereka. Gabriel Marcel anali Mkatolika. Sartre ndi Simone de Beauvoir sankakhulupirira Mulungu. Albert Camus anakana n'komwe kutchedwa ndi dzinali. Chowalumikiza n'choti onse amayambira pa munthu mmodzi wamoyo, amene ayenera kusankha lero asakudziwa za mawa, komanso akudziwa kuti adzafa.

Pa mayeso ophunzira ambiri amagwa polemba kuti afilosofiwa amaphunzitsa zoti "chita chimene mtima wako wafuna". Sartre ananena zina. Anati ukasankha umakhala ngati ukuuza anthu onse kuti umu ndi momwe munthu ayenera kuchitira, choncho udzifunse kuti zingathe bwanji aliyense atachita chimodzimodzi. Amene akukoka neti ya udzudzu m'madzi osaya momwe tiana ta chambo timabisala amadzitonthoza kuti "ndine mmodzi chabe". Funso la Sartre limamulanda chitonthozo chimenecho, ndipo akuluakulu amene anaiona nyanja ya Malombe chambo chisanachepe akulidziwa yankho lake.

FUNSO: Ndili ndi zaka 24, ndimagwira ntchito pa chilimira (ukonde wophera usipa) cha munthu wina cha ku Makawa. Usipa wachepa, masiku ena timabwerako ndi ya mafuta yokha. Msuweni wanga ali ku Johannesburg ndipo akuti anditumizira ya thiransipoti, ndikabweze ndikayamba ntchito. Koma mayi anga amadwala shuga, ndipo mwamuna amene watsala pakhomo ndine ndekha. Aliyense amene ndamufunsa akundiuza zake. Ine ndikuona kuti ndilibe chosankha, umphawi ndiwo ukundisankhira.

YANKHO: Achimwene, pa kalata yanuyi tikhalitsapo, chifukwa anyamata ambiri m'boma lino nkhani yomweyi ikuwasowetsa tulo.

Pa nkhani ija ya mu 1945, Sartre anasimba za wophunzira wake amene anabwera kudzapempha nzeru nthawi ya nkhondo. Mkulu wake anali ataphedwa pamene asilikali a Germany analowa mu France mu 1940. Mnyamatayo ankafuna kupita ku England kukalowa gulu la Afalansa omenyera ufulu wa dziko lawo, koma mayi ake analibenso wina womuyang'ana koma iye. Sartre sanamusankhire. Anamuuza kuti ndi mfulu, asankhe. Anawonjezera mfundo ina imene ikukukhudzani: posankha munthu wokamufunsa nzeru, timakhala titadziwa kale chimene akanene. Mukapita kwa amene anamanga nyumba ya malata ndi ndalama za ku Joni, yankho lake mukulidziwa. Mukapita kwa agogo, mukulidziwanso. Dzifunseni moona mtima ngati pozungulira makomo onsewa simukufunafuna woti adzasenze mlandu zinthu zikadzavuta.

Umphawi wanu ndi weniweni ndipo sitikuuchepetsa. Afilosofiwa sananene kuti munthu alibe malire. Anati moyo uli pawiri: pali zimene unazipeza kapena zinakugwera, ndiye pali chimene ukuchita nazo. Martin Heidegger, m'buku lake la mu 1927, anati tonse tinachita kuponyedwa m'dziko, osafunsidwa mudzi, chaka kapena makolo. Ufulu umayambira pomwe wagwerapo.

Chitani izi, ndipo muchite cholemba chifukwa za m'mutu zimazungulira pamodzimodzi. Tengani pepala, mulembe mzere pakati. Kumanzere ikani zimene sizingasinthe ngakhale mutalira usiku wonse: matenda a mayi, kuchepa kwa usipa, pomwe munalekezera sukulu. Muikeponso zoona za ulendowo. Pasipoti ya Malawi imakulowetsani ku South Africa ngati mlendo kwa masiku 30, si chilolezo chogwirira ntchito. Opyola masikuwo amatha kugwidwa n'kukasungidwa ku Lindela kudikira kubwezedwa. Mu 2008 ndi mu 2015 kunabuka ziwawa zothamangitsa alendo, ndipo Amalawi ambiri anabwerera chimanjamanja. Kumanja ikani zimene zili m'manja mwanu.

Ntchitoyi imalakwika m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutenga cha kumanja n'kuchiika kumanzere. Mwalemba kuti mwatsala nokha pakhomo. Kodi zimenezi n'zosasinthika ngati matenda a shuga, kapena simunakhalepo pansi ndi alongo anu ndi amalume n'kugawana zochita, kuti uyu aziperekeza mayi kuchipatala tsiku lokalandira mankhwala, uyu aziona za chakudya chawo, uyu azisunga foni yolandirira ndalama? Yachiwiri ndi kutenga cha kumanzere n'kuchiyesa cha kumanja, kumaganiza kuti khama lokha lifafaniza nkhani ya mapepala ndi ngongole ya thiransipoti. Zonse ziwirizi Sartre anazitcha kudzinamiza. Woyambayo akudziyesa mwala wosasuntha, wachiwiriyo akudziyesa mphepo yopanda choitchinga.

Mukatero werengani njira. Inu mwatchula ziwiri, ife tikuona zosachepera zinayi. Mutha kunyamuka tsopano. Mutha kunyamuka pakatha miyezi isanu ndi umodzi, mutakonza za mayi ndi za mapepala. Mutha kukhala koma n'kusintha ntchito, monga kuyamba kugula ndi kuyanika usipa m'malo mokoka ukonde wa eni. Muthanso kukhala osasintha kalikonse. Yachinayiyi ndiyo ambiri amaitenga osazindikira kuti aitenga. Chaka chimatha akuti "ndikuganizabe", mapanga awiri n'kuwavumbwitsa.

Pa njira iliyonse, nenani chiganizo ichi mokweza mawu: "Ndasankha chakuti, ndipo ndikuvomera kutaya chakuti." Kupita kuli ndi mtengo wake, mwina uthenga woipa udzakupezani muli kutali. Kukhala nakonso kuli ndi wake, mwina anzanu adzabwera ndi njinga zamoto inu mukadali pa chilimira cha eni. Chiganizo chimene pakamwa pakukana kuchitulutsa muchionetsetse, kawirikawiri mtengo wake ndi umene simungathe kuupirira. Pomaliza ikani tsiku, lisapitirire milungu itatu, loti mudzanene chimene mwasankha pamaso pa abale.

Musadikire kuti mtima uyambe wakhazikika. Kierkegaard, mu 1844, anasiyanitsa mantha ndi nkhawa. Mantha amakhala ndi chinthu chooneka: mwera, ng'ona, injini yozima pakati pa nyanja. Nkhawa ilibe nkhope, ndipo iye anaitcha chizungulire cha ufulu. Inu mumaiona usiku uliwonse. Siginala ali m'kabwato kake ndi nyali, usipa wayamba kusonkhana pansi, anzake agwira zingwe kudikira mawu ake. Akafulumira, ukonde utuluka wopepuka. Akachedwa, nsomba zibalalika. Palibe angamuuze mphindi yake, ndipo chimene chimamugwira m'mimba nthawi imeneyo si kuopa madzi. Nkhawa yotereyi sikutanthauza kuti mwalakwitsa, ndipo siichoka mpaka mawu atatuluka.

Pamodzi pokha ndi pomwe tikusiyana ndi Sartre. Pa nkhani ya wophunzira uja, mayi ake amangotchulidwa ngati katundu woikidwa pa sikelo, sitimva kuti anafunsidwa maganizo. Kwathu kuno timati kalikokha n'kanyama, tili awiri n'tiwanthu. Mayi anu ndi munthu waufulu ngati inu nomwe. Afunseni maso ndi maso, muwauze zonse za papepala paja osabisapo. Koma akayankha, chisankho chikhalabe chanu. Mukakhala, musadzawadyetse mawu oti "ndinalephera kupita chifukwa cha inu" zaka khumi zikubwerazi. Mawu amenewo amapweteka wodwala kuposa kusowa kwa ndalama za ku Joni.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa madrasa ku Namwera. Mwana wanga wabwera kuchokera ku yunivesite ndi mabuku a anthu amenewa. Ife timakhulupirira kuti zonse Mulungu analemba kale. Kodi maphunzirowa samuchotsa pa chikhulupiriro?

YANKHO: Bambo, sitikubisirani: Sartre anamanga mfundo zake pa maziko oti kulibe Mulungu, n'chifukwa chake anati munthu alibe womulembera chochita, ndipo ufulu uli ngati chigamulo chimene sangachithawe. Pamenepo inu ndi iye simungamvane. Koma muzu wa maphunzirowa uli mwa munthu wopemphera. Kierkegaard ankadandaula kuti anthu a ku Copenhagen ankadzitcha Akhristu chifukwa chongobadwira m'dziko la mpingo wa boma, osasankhapo kanthu. Mu 1843 analemba buku lonse lokamba za Abrahamu, amene inu mumati Ibrahim, ali pa ulendo wokapereka nsembe mwana wake. Ankafuna kuonetsa kuti chikhulupiriro chenicheni munthu amachisenza yekha, mwamantha ndi monjenjemera, ndipo palibe angakhulupirire m'malo mwake, ngakhale bambo ake omubereka.

Za zolembedwa kale, ndinu aphunzitsi, mukuidziwa bwino hadisi ija ya munthu amene anafunsa Mtumiki ngati amange ngamila yake kapena angoisiya n'kudalira Mulungu, ndipo anauzidwa kuti aimange n'kudalira. Chipembedzo chophunzitsa za tsiku la chiweruzo chimavomereza kale kuti munthu adzayankha pa zochita zake. Chimene afilosofiwa amadana nacho ndi kubisala kuseri kwa mawu oyera, monga kukweza anthu makumi awiri m'boti la anthu khumi mwera ukuwomba, likamira n'kumati linali tsiku lawo. Mabukuwo musamulande mwanayo. Muuzeni akuwerengereni ndime imodzi madzulo, aimasulire, ndipo mumufunse pomwe akugwirizana nayo ndi pomwe akutsutsana nayo.

FUNSO: Ndimagula nsomba zouma ku Msaka n'kukagulitsa ku Limbe. Amuna anga andiletsa, andilanda mpamba, ndipo ndikayankha amandimenya. Mnzanga wina wophunzira anandiuza kuti munthu aliyense ndi mfulu, ndiye ngati ndikukhalabe m'banjamo ndasankha ndekha. Mawuwa akundipweteka. Ndi zoona kodi?

YANKHO: Mayi, mnzanuyo watola theka la chiphunzitso, ndipo theka limenelo limavulaza. Kumenyedwa simunakusankhe inu. Wasankha ndi amene akukweza dzanja, ndipo mlandu wonse ndi wake. Existentialism ikamati munthu amayankha pa zochita zake imayamba ndi iyeyo: sangabisale kuseri kwa mowa, kwa mkwiyo, kapena kwa mawu oti "amuna ndi momwe tilili".

N'zoona kuti Sartre, m'buku lake lalikulu la mu 1943, analankhula ngati kapolo womangidwa unyolo ndi mbuye wake ali ndi ufulu wofanana. Anamukonza ndi mnzake wapamtima, Simone de Beauvoir. M'mabuku ake a mu 1947 ndi 1949 anaonetsa kuti ufulu wa mumtima ndi mphamvu yochitira kanthu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kupondereza ndiko kutsekera munthu makomo onse kenako n'kumuuza kuti anabadwira kukhala m'nyumba. Anati munthu sabadwa ali mkazi, amachita kusanduka mkazi, kutanthauza kuti zambiri zimene timati ndi chibadwa cha amayi ndi zophunzitsidwa. Anatinso ufulu wa munthu mmodzi sukwana ngati wa mnzake watsekeredwa. Ndiye mnzanuyo akanawerenga mpaka kumapeto, akanadziwa kuti ntchito yake ndi kukuthandizani kutsekula khomo.

Zimene zili m'manja mwanu n'zochepa, koma zilipo. Zikachitika, uzani tsiku lomwelo munthu mmodzi wodalirika ndi ankhoswe a mbali yanu. Mukavulala pitani kuchipatala kuti zilembedwe m'buku lanu. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo lamulo la mu 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja limapatsa khoti mphamvu yoika chiletso pa wochita nkhanzayo. Chitupa chanu cha unzika, buku la kuchipatala ndi kandalama pang'ono muzisungitse kwa mbale, kunja kwa nyumbayo. Pomwe amayi ambiri amakodwa ndi polengeza kuti "ndikuchoka" mkangano uli mkati asanakonze kolowera, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene wankhanza amaopsa kwambiri. Konzani mwakachetechete, ndipo tsiku lokatenga katundu musapite nokha.

FUNSO: Ndaphunzitsa ku pulayimale kuno ku Malindi zaka 19. Nyumba ndinamanga, ana akuphunzira, thupi lili bwino. Koma m'mawa uliwonse ndi choko chomwecho, sikimu yomweyo, ana atsopano olakwitsa zomwezo. Chimwemwe ndilibe. Afilosofi anuwo amati chiyani?

YANKHO: Aphunzitsi, m'mawa wanuwo Camus, wobadwira ku Algeria mu 1913, anaufotokoza mu 1942: kudzuka, ulendo wa kuntchito, ntchito, kudya, kugona, Lolemba mpaka Loweruka, kufikira tsiku lina funso loti "chifukwa chiyani" litadzuka. Anati mtima wa munthu umafuna tanthauzo pomwe dziko lili duu, ndipo kusemphana kumeneku sikutha. Anatenga nthano ya Agiriki ya Sisyphus, amene milungu inamulanga kuti azikankhira chimwala pamwamba pa phiri, chikafika n'kugubudukiranso pansi, mpaka kalekale. Camus anachita chidwi ndi nthawi yotsika phiri, pamene Sisyphus akuyenda wopanda katundu, akudziwa bwinobwino kuti chimwala chikumudikira, osadzinamiza komanso osagonja. Anamaliza ndi kunena kuti tiyenera kumuganizira Sisyphus ali wokondwa.

Yankho limeneli limalimbitsa msana, koma ife tikuona kuti silikukwanirani, chifukwa chimwala chanu n'chosiyana. Mwana amene mwamuphunzitsa kuwerenga sagubudukiranso pansi pa phiri. Amene mumabwerera pansi chaka chilichonse ndinu, n'chifukwa chake simuona komwe miyala yanu inakafika.

Wokuthandizani kwambiri ndi Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, amene anakhala m'misasa ya ukaidi ya chipani cha Nazi kuyambira 1942 mpaka 1945, kuphatikizapo Auschwitz, ndipo mkazi wake, makolo ake ndi mchimwene wake anafera m'misasamo. Iye anati chimwemwe sichithamangitsidwa, chimatsatira chokha munthu akadzipereka pa chinthu chatanthauzo. Zili ngati tulo, ukatikakamiza timathawa. Magwero a tanthauzo anatchula atatu: ntchito imene ukuchita, munthu kapena chinthu chimene ukuchikonda, ndi kaimidwe kako pamaso pa mavuto osapeweka. Osapeweka okha, chifukwa vuto lotheka kulichotsa liyenera kuchotsedwa.

Anthu a msinkhu wanu akafika pamenepa amakonda kuthamangira mankhwala olakwika: mowa wa tsiku ndi tsiku, chibwenzi chatsopano, ngongole ya galimoto. Kierkegaard anaufotokoza moyo wotere, wodumpha kuchoka pa chokoma ichi kupita pa icho pothawa kunyong'onyeka, ndipo anati mathero ake ndi kutaya mtima. Makolo athu anaona zomwezo pa pusi uja anagwa chagada. Chatsopano chimakoma milungu ingapo, kenako nachonso chimasanduka choko.

Palinso china. Sartre anafotokoza za woperekera zakumwa m'lesitilanti ya ku Paris amene kayendedwe, kaweramidwe ndi kanyamulidwe kake ka thireyi zinali ngati sewero, munthu akuyesetsa kukhala woperekera basi, osatinso china. Zaka 19 zimatha kusandutsa dzina loti "aphunzitsi" kukhala yunifolomu yosavula, munthu n'kuiwala kuti m'mawa uliwonse amachita kuivala yekha.

Yesani izi kwa masiku 14. Madzulo aliwonse lembani mizere iwiri m'kope: nthawi imene lero munaiwala kuyang'ana wotchi, ndi chinthu chimene munachita chifukwa chongoti "ndi momwe timachitira". Masikuwo akatha werengani zonse pamodzi, muona zimene zikubwerezabwereza. Kenako sinthani chinthu chimodzi chokha teremu ino. Mwachitsanzo, sankhani ana asanu amene sakutha kuwerenga, muzikhala nawo mphindi 20 akaweruka, katatu pa mlungu, ndipo muzilemba pomwe aliyense wafika. Osintha zinthu khumi nthawi imodzi amatopa mlungu wachiwiri n'kunena kuti palibe chothandiza. Teremu ikatha dzifunseni mosabisa ngati ntchitoyi mukuisankhabe. Mukapeza kuti ayi, tengani pepala la mbali ziwiri lomwe tamuuza mnyamata wa ku Makawa uja, ndipo zaka zotsala kuti mupume ndi nkhani ya penshoni muziike kumanzere.

Chenjezo limodzi. Ngati padutsa milungu iwiri kapena kuposerapo tulo tikusowa, chakudya sichikulowa, zimene munkakonda sizikukomaninso, kapena mwayamba kuganiza zodzichotsera moyo, imeneyo si nkhani ya filosofi. Akhoza kukhala matenda a maganizo, ndipo amachizika. Uzani akunyumba kwanu kapena mphunzitsi mnzanu tsiku lomwelo, akuperekezeni ku chipatala cha boma ku Mangochi kapena chilichonse chapafupi, mukafunse woona za matenda a maganizo.